Nkhuku Yonona ndi Tizilombo Tosamva Mankhwala

Mwezi watha mlimi wina wa nkhuku za nyama anandiuza kuti anapiye akangofika, iye amasungunula ufa wa oxytetracycline m'madzi awo akumwa, ndipo salekeza mpaka sabata yogulitsa, kaya nkhukuzo zikudwala kaya ayi. Sindinafulumire kumudzudzula. Chakudya cha nkhuku n'chokwera mtengo, ndipo matenda akalowa m'khola mpamba wonse umatha m'masiku ochepa. Komabe chizolowezi chimenechi chimabala vuto limene limakagwera munthu wina, monga mwana wogonekedwa m'chipatala amene mankhwala akulephera kumuchiza.

Zimachitika motere. M'matumbo a nkhuku mumakhala mabakiteriya monga E. coli, Salmonella ndi Campylobacter. Mankhwala akamaperekedwa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, tizilombo tofooka timafa, koma tolimba timatsala n'kuswana. Pa nthawi yopha ndi kutumbula, tizilomboti timafika pa nyama, pa mpeni ndi m'madzi otsukira. Nkhuku imaoneka yonona pamsika, koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akadwala ndi tizilombo totere, mankhwala otchipa sagwiranso ntchito, ndipo otsalawo amakhala odula kapena osowa.

Chenjezo limeneli n'lakale. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, ananena mu 1945 kuti mankhwala operewera muyeso amaphunzitsa tizilombo kupirira. Dziko la Sweden linaletsa kugwiritsa ntchito mankhwalawa pokulitsa ziweto mu 1986, ndipo mayiko a m'bungwe la European Union anatsatira mu 2006. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza alimi kuleka kupatsa mankhwalawa ziweto zosadwala. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo vutoli linali lalikulu koposa mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ulimi suyambitsa vutoli pawokha, pakuti nafenso anthu timamwa makapisozi mwachisawawa, koma uli ndi mbali yake.

Nanga mlimi achite chiyani? Asapanikize nkhuku zambiri m'khola laling'ono. Utuchi ukhale wouma, mpweya uzilowa bwino, ndipo zomwera zizitsukidwa tsiku lililonse. Akagulitsa gulu limodzi, ayeretse khola n'kulisiya pafupifupi masabata awiri asanalowetse anapiye ena. Akumbukirenso kuti chitopa chimayamba ndi vairasi, choncho maantibayotiki sangachichize. Chofunika ndi katemera. Nkhuku zikadwala, aitane mlangizi wa ziweto, apereke muyeso wokwanira, ndipo adikire masiku olembedwa pa paketi asanagulitse nyama kapena mazira.

Kudikira kumeneku kumachepetsa mankhwala otsalira m'nyama, koma sikuchotsa tizilombo. Chimene chimapha tizilombo ndi moto. Choncho inu ogwira ntchito za chitukuko m'midzi, kumbutsani mabanja ndi ogulitsa nkhuku yootcha kuti nyama ipse mpaka pafupa, popanda magazi. Mpeni wodulira nkhuku yaiwisi usakhudze tomato kapena kabichi wodya wosaphika usanatsukidwe ndi sopo, ndipo wophika asambe m'manja.

Mlimi uja wavomera kuyesa gulu lotsatira popanda ufa wa tsiku ndi tsiku. Tidzakuuzani mmene zidzamuyendere.