Mukumwa metformin koma mulibe shuga: mungadziwe bwanji kuti isebenza?

Pa Chisanu ninali mu saluni ina ku Kabwata, mutu uli hafu. Mtsikana wina wazaka mwina 24 anali kusakila chenji m'chikwama, kapaketi ka mapilisi kanagwa pansi. Amayi ena amene anali mu dryer anakatola, anawerenga, ndipo sanasunge mau: "Iwe mwana wanga, metformin? Pa msinkhu wako uli na shuga kudala?" Saluni yonse zii. Mtsikana uja anayankha mwaulemu, "Iyayi mami, nilibe shuga. Ananipatsa ba dokota chifukwa cha ma period. Koma yakwana miyezi 5 manje, sinidziwa ngati isebenza olo ningovutitsa chabe m'mimba mwanga."

Funso lija ni la akazi ambiri kupambana mmene muganizira, ndiye tiyeni tilikambe.

Vuto limene anamupeza nalo ni PCOS, dzina lonse polycystic ovary syndrome. Pafupifupi mkazi mmodzi pa akazi 10 a msinkhu wobala ali nayo, ndipo bungwe la WHO likamba kuti ofika 70 pa 100 mwa iwo sadziwa n'komwe. Mu minibasi yodzala ya ku Matero sangasowemo mmodzi. Si matenda obwera na TikTok iyayi, madokota awiri a ku Chicago, Irving Stein na Michael Leventhal, anaifotokoza mu 1935. Ma period odumphadumpha, tundevu pachibwano, mapimpo osatha ngakhale unasiya sukulu kale, kunenepa m'chiuno, khosi lakuda, kuvutika kutenga mimba. Wina amakhala na zonse, wina ziwiri chabe. Ndipo ma cyst amene akambidwa mu dzina lija si zotupa zofuna opareshoni. Ni tumazira tumene tunayamba kukula, tunaima panjira, situnatuluke.

Nanga mankhwala a shuga alowamo bwanji? Mukadya nsima, thupi limaisandutsa shuga m'magazi, ndipo insulini ndiye imagogoda pa minofu kuti shuga ilowe. Kwa akazi ambiri a PCOS minofu imachita monga landilodi amene safuna kumva za denga lodontha: ugogoda, sayankha. Thupi limawonjezera insulini maningi kuti khomo litseguke. Shuga ingaoneke bwino bwino pa makina, koma insulini ili pamwamba, ndipo insulini yochuluka imakankha ma ovary kupanga testosterone yambiri, homoni imene kwa amuna ndiye imabweretsa ndevu. Dzira limalephera kukhwima. Metformin imachepetsa shuga imene chiwindi chimatulutsa na kuthandiza minofu kumva insulini. Insulini ikatsika, kwa ena ma ovary amayambanso kusebenza. Ni mankhwala akale, dokota wa ku France Jean Sterne anayamba kupatsa odwala shuga mu 1957, ndipo ena mumaidziwa na dzina lakuti Glucophage.

Manje mwaona chifukwa chake kubwereka kamakina ka shuga ka ba aunty sikungakuyankheni. Ngati shuga yanu inali bwino musanayambe, idzakhala bwino na lero, ndipo simunaphunzirepo kanthu. Galasi na sikelo pambuyo pa masabata awiri nazonso zimanama.

Choyamba dzifunseni: ananipatsa kuti ikonze chiyani? Ambiri amatuluka mu ofesi ya dokota osafunsa, chifukwa mzere kunja ni wautali ndipo munthu umachita manyazi. Koma metformin ya ma period, metformin ya munthu wofuna mwana na metformin yoteteza ku shuga zimapimidwa mosiyana.

Ngati ni ya ma period, dokota wanu wamkulu ni kalenda. Lembani tsiku loyamba la period iliyonse, olo mu foni olo kumbuyo kwa buku la chilimba, ndipo muwerenge masiku kuchokera pa tsiku loyamba mpaka tsiku loyamba la period yotsatira. Kwa munthu wamkulu, masiku 21 mpaka 35 ndiye bwino. Kupitirira 35, kapena ma period osakwana 8 pa chaka, ndiye kudumpha kumene tikamba. Musayembekeze kuti ibwere pa 28 monga malipiro a boma. Ngati kale munali kukhala masiku 80 kapena 90, manje ni 50, kenako 42, mankhwala asebenza, ngakhale simunafike. Ipatseni miyezi 3 mpaka 6, ndipo muyambe kuwerenga pamene munafika pa mlingo wonse umene dokota anakamba, osati tsiku limene munagula paketi yoyamba. Komanso tikambe zoona, mwandi: ngati mumamwa Mande na Chiwiri, Chitatu mwaiwala, wikendi mwasiya chifukwa kuli braai, simunaiyese metformin. Musaiweruze.

Pali chinthu chimene ambiri sauzidwa. Ngati muli pa mapilisi a family planning, magazi amene mumaona mwezi na mwezi amabwera chifukwa cha mapilisiwo. Ngati muli pa nyeleti ya miyezi 3 kapena ka implant, ma period angasowe olo kusokonezeka chifukwa cha izo. Apo kalenda siingakuuzeni kalikonse za metformin.

Ndipo ngati papita masiku 90 osaona kanthu, musakambe ati zili bwino, nasunga ndalama ya ma pad. Yambani mwapima mimba. Ngati palibe, bwererani ku chipatala. Mkati mwa chibalilo mumakhuthala ngati simutsuka kwa nthawi yaitali, ndipo pa zaka zambiri izi zimakweza mwayi wa khansa ya chibalilo. Pali mapilisi a progesterone amene dokota amapatsa kuti period ibwere.

Apa nifuna atsikana a ku koleji na imwe a mu ma shop mumvetsetse. Ambiri a PCOS anadziuza kale kuti ine siningatenge mimba, ndipo kondomu anaiika pambali. Metformin si family planning. Ikasebenza, dzira limatuluka pafupifupi masabata awiri period isanabwere. Kutanthauza kuti mungatenge mimba musanaone period ngakhale imodzi. Ena anadziwa kuti mankhwala asebenza pamene kastiki kanaonetsa mizere iwiri, chibwenzi chili cha miyezi itatu.

Kwa imwe amene mufuna mwana, amene apongozi anayamba kale kuyang'ana pamimba panu kuchokera pa kitchen party, nkhani ni ina. Kuona magazi sikutanthauza nthawi zonse kuti dzira linatuluka. Chimene chimatsimikiza ni kupima progesterone m'magazi, masiku 7 period yotsatira isanafike. Tumastiki twa ovulation twa mu kemisti tungakusokonezeni, chifukwa tumapima homoni ya LH, imene kwa akazi ambiri a PCOS imakhala yokwera kale.

Ndipo pa nkhani ya mwana, metformin yokha si katswiri. Mu 2007 magazini ya madokota ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa ku America wa akazi 626 a PCOS amene anali kufuna mimba. Anawapatsa mankhwala mpaka miyezi 6. Pa amene anamwa metformin yokha, 7 pa 100 ndiwo anabala mwana. Pa amene anamwa clomiphene, imene ambiri mumaitcha Clomid, anali 22 pa 100, ndipo amene anamwa zonse ziwiri anafika pafupifupi 27. Mu 2014 kafukufuku wina wa akazi 750 anaonetsa kuti letrozole ipambana na clomiphene yomwe, 27 kwa 19. Ndiye chifukwa chake malangizo a PCOS a dziko lonse a mu 2023 amaika letrozole patsogolo pa nkhani yotulutsa dzira. Ine maganizo anga ni akuti mkazi wofuna mwana asakhale chaka na hafu pa metformin yokha, kungolembetsa paketi ina mwezi na mwezi. Miyezi 6 ikakwana palibe chasintha, funsani kuti ba dokota, chotsatira n'chiyani? Koma musathamangire kugula Clomid mwekha chifukwa mnzanu wa ku tchalitchi inamuthandiza. Mankhwala aja amafuna dokota woyang'anira, angatulutse mazira ambiri nthawi imodzi. Ndipo ba mwamuna wanu nawonso apite akapimitse. Kupima umuna ni kosavuta kupambana zonse zimene mkazi amapitamo, koma ndiye kumene amuna amathawa monga ngongole ya kaloba.

Za kuonda nikambe mwachidule, chifukwa pa Facebook aigulitsa monga mankhwala a slimming. Ambiri amataya makilo ochepa chabe, awiri olo atatu, ena kulibe. Tepi ya telala m'chiuno, kamodzi pa mwezi, imakamba zoona kupambana sikelo ya pa msewu. Kwa amene ali na thupi lalikulu, kutaya 5 pa 100 ya kulemera kwawo, makilo 4 kwa munthu wa makilo 80, nthawi zambiri kumathandiza ma period. Apo softi ya tsiku na tsiku, maheu a shuga na vitumbuwa vya m'mawa zili na mlandu kupambana nsima imene aliyense amaloza chala. Ndipo oonda nawonso amakhala na PCOS, musawauze ati anama.

Tundevu ndiye tumakhumudwitsa ambiri. Metformin ni yofooka pa tsitsi. Mapilisi a family planning a mahomoni awiri ndiwo amathandiza kwambiri pa ndevu na mapimpo kwa amene safuna mimba pakali pano, ndipo nawonso amafuna miyezi 6 kuti muone kusintha, chifukwa tsitsi limakula pang'onopang'ono. Ngati muweruza metformin na tweezer, mudzaitaya pachabe. Khosi lakuda lija, lofewa monga velveti, si litsiro. Ni chizindikiro cha insulini yochuluka. Kukwecha na mwala sikuchotsa, ma cream oyeretsa khungu amangoononga. Lijambuleni na foni pa kuwala kumodzimodzi miyezi itatu iliyonse, chifukwa likamayera limayera mwakachetechete.

Ngati anakupatsani chifukwa shuga inayamba kukwera, apo ndiye magazi amayankha. Kupima kwabwino ni kuja kumene mumapita osadya, amakumwetsani madzi a glucose ya magalamu 75, amapimanso pakapita maola awiri. Kwina ni HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga yakhalira pa miyezi itatu yapita. Sungani pepala la zotsatira zoyamba. Popanda ilo mulibe chofanizira.

Manje za m'mimba. Kuthulula, mseru, mphepo, kukamwa kumveka monga mwanyambita koini, izi zimachitika maningi pa masabata oyamba. Si chizindikiro chakuti ichotsa dothi m'thupi monga akambira ogulitsa ma detox, ndipo amene samva kanthu asaganize kuti anamupatsa feki. Nthawi zambiri amayambitsa pa 500mg kamodzi pa tsiku, pamodzi na chakudya, n'kumakweza pang'onopang'ono. Kumwa na njala m'mawa mukuthamangira basi ndiye kudziitanira mavuto pa Lumumba Road. Ngati mwezi wapita m'mimba simunakhazikike, funsani za mtundu wotuluka pang'onopang'ono, wolembedwa XR kapena SR pa bokosi. Amene mwamwa zaka, mukayamba kumva dzanzi kumapazi na kulema kosadziwika, pimitsani vitamin B12, metformin imaichepetsa.

Zitatu izi musazibise kwa ba nesi olo ba clinical officer. Ngati muli na vuto la impso. Ngati mumamwa mowa kwambiri, chifukwa kuledzera pamodzi na metformin kungabweretse vuto loopsa la asidi m'magazi, losowa koma lopha. Ndipo ngati muli pa ma ARV a TLD: dolutegravir imene ilimo imakweza metformin m'magazi, ndiye mlingo umafunika kuchepetsedwa. Mukadwala kusanza na kuthulula kwambiri, monga nthawi ya mvula kolera ikabuka mu komboni, musapitirize kumeza metformin thupi lili louma. Pitani ku kiliniki mukawauze kuti mumamwa.

Pa review nyamulani kalenda yanu, mapepala a magazi, na paketi yeniyeni kuti aone mlingo. Kuno ku Lusaka mungayambire pa kiliniki yanu kapena zipatala monga Chilenje, Chawama, Kanyama, Matero na Chipata, ndipo zikafunika dokota wa azimayi amakutumizani ku Women and Newborn ku UTH. Amene muli na NHIMA, funsani zimene imalipira musanatulutse ndalama m'thumba.

Mtsikana wa mu saluni uja anali na app mu foni, anali kulembamo masiku koma sanawerengepo mipata. Tinawerenga pamodzi, wopanga tsitsi ataima na chipeso m'manja. Asanayambe mankhwala, masiku 84. Pambuyo pake 52, 41, 38. Anaseka yekha, kenako anakhala chete, n'kufunsa kuti kemisti ya pafupi imatseka nthawi yanji, chifukwa ya mwezi uno inali isanabwere. Amayi a mu dryer aja anadikira mpaka tonse tayamba nkhani ina, ndiye anamukoka dzanja: "Mwana wanga, nilembereko dzina la matenda aja pa kapepala. Wanga woyamba ali na zaka 27, khosi lake namukalipira kuyambira ali Grade 9 ati sasamba."