Bokosi la kompyuta lisagulidwe ndi maso okha

Ku Cobue, m'boma la Lago, mabanja ndi magulu ena amasonkha ndalama miyezi yambiri kuti mwana wawo wophunzira amange kompyuta ya pa tebulo. Vuto limayamba akafika m'sitolo ku Lichinga, pakuti maso amathamangira bokosi lagalasi lothwanima magetsi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Galasi silingapirire mabampu a msewu wochokera ku Metangula, ngakhale mafunde a mwera ngati katundu adzera ku Likoma. Bokosi lachitsulo ndilo loyenera.

Chachiwiri ndi mpweya. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumakula m'mbali mwa nyanja, ndipo kompyuta yosowa mpweya imazima yokha. Bokosi likhale ndi malo a mafani kutsogolo ndi kumbuyo, komanso kasefa kochotseka kotchinga fumbi ndi nkhungu zouluka kuchokera m'nyanja.

Chachitatu ndi muyeso. Kampani ya Intel inakhazikitsa muyeso wa ATX mu 1995, ndipo bolodi yake ndi mamilimita 305 kwa 244. Bolodi yotere siilowa m'bokosi la microATX, pamene yaing'ono imalowa bwino m'lalikulu. Wogula afunse muyeso asanapereke ndalama, chifukwa kubweza katundu ku Lichinga ndi ulendo wina wodya ndalama.

Magetsi okongoletsa aja amangodya mphamvu ya batire la sola. Ndalama za usipa ndi chinangwa zipite ku bokosi lolimba limene lidzatumikira ana zaka zambiri.