Mwana Akalimbiranidwa Pamaso pa Anthu 12

Ku Texas, m'dziko la America, makolo olimbirana mwana angathe kupempha kuti anthu wamba 12 agamule kuti mwanayo azikhala kwa ndani.

Anthuwa sitingawaloze chala. Amangoitanidwa kudzamva umboni kwa masiku ochepa. Udindo waukulu uli pa makolo amene amasankha njirayi akudziwa kuti imadya nthawi ndi ndalama, komanso pa maloya amene amayala zithunzi ndi mauthenga a pafoni kuti anyazitse kholo linalo pamaso pa alendo. Nthawi yonseyi mwana amapita kusukulu osadziwa kumene adzagone mwezi wamawa. Opanga malamulo nawonso asathawe, poti khomoli adatsegula ndi iwo.

Tikuumirira kuti makolo aziyamba akambirana pamaso pa mkhalapakati. Zikakanika, tikufuna mlandu uzipita kwa woweruza wodziwa za ana, amene azimva mwanayo payekha.