Mau a pa paketi akutidyela ndalama

Yang'anani pa windo basi ikamadutsa mu Kanyama, Chawama kapena George. Pafupi ndi nyumba zambili pali kadimba: lepu m'masaka, matimati m'mabaketi obooka, anyezi m'matayala akale, maluwa m'zitini za penti pakhonde. Cilala ca 2024 cinatikumbutsa kuti ndiwo zogula tsiku lililonse zitha thumba, ndipo amene ali na kamalo kang'ono acita bwino kubyala.

Maina a ndiwo sativuta. Cibwabwa, bondwe, delele, impwa, kalembula amene akum'mawa amati kholowa, katapa amene ena amati cigwada, zonsezi na mwana azidziwa. Vuto liyamba tikalowa mu shopu ya mbeu na mankhwala. Mmenemo zonse zalembedwa m'cizungu ca akatswili, ndipo ambili aife ticita manyazi kufunsa. Koma akulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula la masiku ano ligulidwa na ndalama.

Tiyambe na F1. Mukaona zilembo izi pa paketi, dziwani kuti ndi mbeu ya haibulidi, yobadwa kwa makolo awili osiyana. Ibeleka bwino, koma mukasunga njele zake kuti mubyalenso, zomela sizifanana na zoyamba. Amene anagula tomato wokongola pa Soweto, n'kuumika njele, n'kukolola tunthu tosaoneka bwino, sanalodzedwe iyayi. Mbeu zosunga caka na caka ndi zamakolo, kapena zolembedwa OPV.

Caciwili ndi fetelaiza. D Compound ili na manambala atatu, 10-20-10, kutanthauza nitrogen, phosphorus na potassium. Nambala yaikulu yapakatiyo ndi ya mizu, ndiye cifukwa cake imaikidwa pansi pobyala. Ogulitsa amati basal. Urea ili na nitrogen yokha, 46 pa 100, ndipo nchito yake ndi masamba. Imabwela mbeu zitakula, ndiyo top dressing. Mukasinthanitsa ziwilizi mwataya ndalama, ndipo Urea ikakhudza tsinde la kambeu kang'ono imakatentha. Manyowa a nkhuku nawonso atentha ngati sanaole bwino.

Cacitatu ndi ca amai okonda maluwa. Mau akuti drainage angotanthauza njila yotulukila madzi. Citini copanda maboo pansi ciolesa mizu, ndipo madzi okhala m'kambale ka pansi pake ndi nyumba ya udzudzu. Full sun ndiye kuti comelaco cifuna dzuwa maola asanu na limodzi kapena kuposa. Tomato pansi pa mtengo wa mango angotalika cabe, zipatso zocepa.

Manje mau amene aposa onse: pre-harvest interval, kapena PHI. Awa ndi masiku oyembekeza kucokela pamene mwapopela mankhwala kufika pamene mungathyole. Kucokela 2016, pamene kambozi ka Tuta absoluta kanalowa m'Zambia n'kuononga matimati, anthu anazolowela kupopela kawilikawili. Ngati botolo likuti masiku 7, amene wapopela pa Cisanu n'kuthyola pa Sondo adyetsa ana ake poizoni, ndipo ngati agulitsa pa kantemba, adyetsanso ana a aneba. Kutsuka na madzi sikucotsa onse.

Ena anganene kuti zonsezi zili kale pa paketi, munthu awelenge. Awelenga bwanji ambuya a ku Kalingalinga tumalemba tung'onotung'ono twa cizungu? Nanga mankhwala amene ena amathila m'tumabotolo twa dilinki n'kugulitsa pamsika, opanda dzina, opanda tsiku lothela mphamvu, awelengapo ciani? Osagula amenewo, olo akhale ochipa bwanji.

Apa m'pamene boma liyenela kulowapo. ZEMA ndiyo iyang'anila mankhwala ophela tizilombo, ndipo Seed Control and Certification Institute ya ku Chilanga ndiyo iyang'anila mbeu. Dziko lino lili na zinenelo zisanu na ziwili zophunzitsidwa m'masukulu na kuulutsidwa pa ZNBC. Cingavute n'ciani kulamula kuti mizele itatu cabe, muyeso wa mankhwala, masiku oyembekeza na cenjezo la poizoni, ilembedwe m'Cinyanja, Cibemba, Citonga na zinazo? Makampani a foni amatha kutiitana m'cinenelo cathu akafuna ndalama zathu. A mbeu na mankhwala sangalephele.

Pamene tiyembekeza zimenezo, wogulitsa asakupatseni cenji musanamufunse mafunso atatu. Mbeu iyi ningasunge njele zake? Fetelaiza iyi ni yapansi kapena yapamwamba? Nikapopela lelo, nizathyola liti? Akalephela kuyankha, bwezani paketi pa kaunta, mashopu ni ambili mu town.