Kandimverere wa ku America

Pa 18 April 1923 ayi, koma pa 18 April 2023, m'nthaŵi yathu yomwe ino, bwalo la milandu la mumzinda wa Wilmington, m'chigawo cha Delaware, lidadzaza anthu ofuna kumva mlandu umene sudazengedwe n'komwe. Anthu wamba 12 oti aŵeruze anali atasankhidwa kale, maloya atakonzeka. Masana woŵeruza, Eric Davis, adalengeza kuti mbali ziŵirizo zagwirizana kunja kwa bwalo. Wailesi ya kanema ya Fox News idavomera kulipira madola 787.5 miliyoni kwa kampani ya Dominion, yopanga makina oŵerengera mavoti, imene idadandaula kuti Fox idaiipitsira mbiri. Funso langa ndi ili: zidatheka bwanji kuti wailesi yokhulupiriridwa ndi Akhristu ochuluka chotere ifike poŵerengera mnzake ndalama zonsezi chifukwa cha bodza?

Tiyambe ndi kuwachitira chilungamo Akhristuwo. Ndikunena aja otchedwa ma-evangelical, amene kuno tingawafanizire ndi obadwanso mwatsopano. Dandaulo lawo lakuti atolankhani a m'mizinda ikuluikulu amawanyoza silongopeka. M'chaka cha 1925, pa mlandu wa mphunzitsi John Scopes ku Dayton, mtolankhani wotchuka H. L. Mencken adawasandutsa choseketsa cha dziko lonse. M'chaka cha 1993 nyuzipepala ya Washington Post idalemba kuti otsatira a alaliki andale anali makamaka amphaŵi, osaphunzira ndi osavuta kuwalamula, ndipo maŵa lake idachita kubweza mawuwo. Munthu amene wanyozedwa motero kwa zaka zambiri amathamangira kwa aliyense womulankhula mwaulemu.

Andale adaona msanga kuti pamenepa pali mavoti. Mbusa Jerry Falwell adakhazikitsa bungwe la Moral Majority mu 1979, nathandiza kukokera okhulupirira kwa Ronald Reagan pa chisankho cha 1980. Amalonda nawonso adaona kuti pali msika. Chiyambire 1949 padali lamulo lakuti wailesi iliyonse youlutsa mumlengalenga izipereka mpata kwa mbali zotsutsana pa nkhani zofunika. Lamuloli lidachotsedwa mu 1987, ndipo chaka chotsatira Rush Limbaugh adayamba kulankhula kwa dziko lonse popanda womuyankha. Mu 1996 Rupert Murdoch adatsegula Fox News. Ena amati lamulo lija likadakhalapo Fox ikadaŵetedwa, koma kumeneko ndi kulakwitsa, pakuti silidakhudze wailesi zofika m'nyumba kudzera pa nthambo. Chimene chidasintha ndi mtima wa ntchitoyo: kudadziŵika kuti kuuza anthu zokhazo zimene akufuna kumva kuli ndi phindu lalikulu. Pofika 2016, mwa ma-evangelical 10 achizungu alionse amene adavota, pafupifupi 8 adasankha Donald Trump. Ndati achizungu dala, popeza abale awo akuda, oŵerenga Baibulo lomwelo, ambiri amavota mosiyana.

Tsono padafika usiku wa chisankho cha November 2020. Akatswiri a ziŵerengero a Fox yomweyo ndiwo adayamba kulengeza kuti Joe Biden wapambana m'chigawo cha Arizona, ndipo adanena zoona. Oonerera adapsa mtima, ambiri nayamba kusamukira ku kawailesi kena kotchedwa Newsmax. Apa mpamene padagona mlandu wonse. M'masabata otsatira Fox idapereka mpata mobwerezabwereza kwa maloya a Trump, Sidney Powell ndi Rudy Giuliani, kuti anene kuti makina a Dominion adabera mavoti. Koma pamene mauthenga amene aulutsi ndi akuluakulu a kampaniyo ankatumizirana adaonekera poyera pa mlanduwo, zidapezeka kuti ambiri mwa iwo sankakhulupirira nkhaniyo mpang'ono pomwe. Kumbali ankaiseka, pa kanema ankaimvetsera mwaulemu. Murdoch mwini, atalumbira, adavomera kuti ena mwa aulutsi ake adavomereza nkhani yabodzayo, ndi kuti iye akadatha kuletsa koma sadatero.

Makolo adati kandimverere adakanena za m'maluŵa. Komatu kandimverere wa mwambiwo ndi wosasamala chabe: adakamva pang'ono, nadzasokoneza. Uyu wa ku America adamva bwino lomwe, nadziŵa choonadi, nasankha kubweretsa za m'maluŵa chifukwa ndizo zimene womutuma akadakondwera nazo.

Sindikuimba Fox mlandu wokondera. Nyuzi iliyonse ili ndi kumene imapendekera, ndipo mphunzitsi aliyense amene adaŵerengetsapo ana nkhani imodzi kuchokera m'nyuzi ziŵiri akudziŵa zimenezi. Wailesi ili ndi ufulu wokonda chipani cha Republican, wotsutsa kuchotsa mimba, woteteza mapemphero m'sukulu. Malamulo a ku America amateteza mtolankhani kwambiri: chiyambire chigamulo cha 1964 pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan, wolamulira amene akuti wanamiziridwa ayenera kusonyeza kuti wolembayo adadziŵa kuti ndi bodza, kapena kuti sadalabadire konse ngati ndi zoona. Mpanda umenewu ndi wautali, ndipo ndi bwino kuti ndi wautali. Kampani yolemera, ya maloya ochenjera, siŵerengera mnzake ndalama zotere ikakhala ndi chikhulupiriro kuti mpandawo uiteteza.

Wina adzati kampani ndi ya eni masheya, ndipo woyendetsa amene wataya makasitomala walephera ntchito. Ndikumva. Koma wogulitsa nkhani sali ngati wogulitsa nsalu, amene ukafuna yofiira amakupatsa yofiira. Ali ngati wogulitsa mankhwala: katundu wake ali ndi mtengo pokhapokha ngati wogula angakhulupirire kuti m'botolomo muli chimene chalembedwa kunja. Ndipo bodza lija lidapweteka anthu enieni. Antchito a Dominion ndi oŵerenga mavoti m'zigawo zingapo adaopsezedwa kuti aphedwa. Pa 6 January 2021 khamu lidathyola nyumba ya malamulo ku Washington, ena atanyamula mitanda ndi mbendera za dzina la Yesu.

Okhulupirirawo nawonso sangasambe m'manja. Lamulo loletsa umboni wonama ali nalo pamtima chiyambire Sande sukulu, ndipo silidapatule mboni imene ili kumbali yako. Anali iwo, pamodzi ndi oonerera ena, amene adalanga wailesi yawo tsiku limene idanena zoona za Arizona. Alipo ndithu amene adakana kuyenda ndi gulu: magazini ya Christianity Today, yoyambitsidwa ndi Billy Graham, idatsutsa Trump poyera mu December 2019, ndipo Russell Moore, atadzudzulidwa kwa zaka zingapo chifukwa cha maganizo otero, adachoka pa udindo wake mumpingo wa Southern Baptist mu 2021. Oterewa adali ochepa, ndipo adalipira.

Mgwirizano wa ku Wilmington sudakakamize Fox kupepesa pa kanema. Kampaniyo idangotulutsa chikalata chachifupi chovomereza kuti bwalo lidapeza kuti zina mwa zonenedwa za Dominion zinali zonama. Miyezi iŵiri mlanduwo usadathe, Howard Kurtz, amene ntchito yake pa Fox inali yokambirana za atolankhani, adauza oonerera ake kuti kampani yamuletsa kukamba za mlanduwo.