Kawashala kotchipa kamateteza phindu

Amalonda ambiri omwe ali ndi Probox, Sienta kapena njinga yamoto akusinthira oyilo pakhomo kuti asalipire makaniko. Nzeruyi ndi yabwino, koma phindu lake lingathere pa bawuti yotulutsira oyilo ya kunsi kwa injini.

Bawutiyi imakhala ndi washala, kamphete ka aluminiyamu kapena kopa komwe kamaphwatalala pomanga. Kakagwira ntchito kamodzi, nthawi zambiri sikatsekanso bwino. Oyilo akayamba kudontha, mwini galimoto amakhwimitsa ndi sipanala mpaka mazinga kudyeka. Zikatero sampu imafunika kukonzetsa kapena kugula ina, uku tomato akuwolera pakhomo osafika kumsika.

Choncho pogula oyilo ndi fyuluta, wamalonda asaumire pa washala watsopano. Injini ikhale yofunda, osati yotentha. Akamasula pang'ono ndi sipanala, amalizitse ndi zala akukanikizira bawutiyo m'kati, kenako aichotse msanga kuti oyilo agwere m'beseni, osati pamkono. Pobwezera ayambenso ndi zala, sipanala ingomalizitsa mosakakamiza.

Oyilo wakudayo asungidwe m'chigubu chotseka, chifukwa wothiridwa m'ngalande amakathera mumtsinje momwe ena amatungamo madzi.