Wantchito wabwino sathawa popanda chifukwa

Madandaulo a eni bizinesi pa Chitakale ndi amodzimodzi: achinyamata a masiku ano ndi aulesi, ndi akuba, sakhalitsa pantchito. Wa golosale akutero, wa lesitilanti akutero, wa saluni nayenso chimodzimodzi. Ena mwa madandaulowa ndi oona. Koma shopu ikasintha antchito anayi chaka chimodzi, bwana ayambe wadzifunsa yekha asanaloze chala aliyense.

Choyamba n'chakuti wachinyamata wa pa Chitakale ali ndi kopita. Mvula ikayamba, maesiteti a tiyi monga Lujeri ndi a Eastern Produce amafuna anthu othyola masamba. Msewu wa M2 umafika ku Muloza, kutsidya kwake ndi Milange komwe geni sikutha. Wina akapeza njinga yamoto amayamba kabaza wa ku Likhubula ndi Phalombe. Wina akungosunga ya thiransipoti kuti alowere ku Joni. Ndiye bwana amene akuganiza kuti "apita kuti ameneyu" akudzinamiza. Amene amayamba kuchoka ndi wochangamuka uja, chifukwa ndi amene ena akumufuna.

Vuto limayambira polemba ntchito. Ambiri timatenga mwana wa achemwali kapena wa kutchalitchi osamuyesa n'komwe. Kuthandiza wachibale si kulakwa, koma akasowetsa ndalama mumuchotsa bwanji? Nkhani imathera kwa ankhoswe ndi amalume, ndalama osabwera. Muyeseni munthu aliyense, m'bale kapena mlendo. Ngati ndi wa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, muone mmene akuwerengera chenji ndi kulemba m'kaundula. Ngati ndi wa lesitilanti, aphike nsima ya anthu 20 inu mukuona. Satifiketi ya MSCE ndi yabwino, koma siuza munthu mmene angalankhulire ndi kasitomala wolusa. Imbiraninso foni kumene ankagwira kale. Mphindi zochepa za eyataimu zingakupulumutseni mpamba wonse.

Kenako malipiro. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya sopo, shuga ndi chimanga inakwera aliyense akuona. M'chaka cha 2025 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a antchito wamba kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000 pamwezi, ngakhale mabizinesi ang'onoang'ono ndi antchito apakhomo ali ndi mlingo wawo wotsikirapo. Komabe alipo mabwana amene akulipirabe ngati kwacha ili pomwe inali kale, ndiye malipirowo abwerenso mochedwa, mwapang'onopang'ono, ndi mawu akuti "tiona sabata yamawa". Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene tsiku lonse akugwira ndalama zanu koma kunyumba lendi sanalipire, mwamuika pamayesero nokha.

Eni bizinesi anena kuti phindu ndi lochepa, magetsi amazimazima, katundu wa ku Limbe wakwera. N'zoona, ndipo palibe akutsutsa. Koma werengerani mtengo wa wantchito amene wachoka. Watsopano amatenga miyezi kuti adziwe mitengo, amalakwitsa chenji, sadziwa yemwe mumamukongoza ndi yemwe simumukongoza. Makasitomala ena ankabwera chifukwa cha munthu uja, makamaka kumalo ometera ndi ku saluni, ndipo akachoka amamutsatira. Kuli bwino kukhala ndi antchito awiri olipidwa bwino kusiyana ndi anayi ongodandaula.

Zina sizifuna ndalama n'komwe. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola wamba asapitirire 48 pa sabata, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka. Ndi angati amapereka? Lembani mgwirizano papepala, ngakhale tsamba limodzi: ntchito yake, malipiro, tsiku lolandira, tsiku lopuma. Werengani katundu limodzi sabata iliyonse kuti pasakhale kunamizirana. Wantchito akalakwa, mudzudzuleni kumbali, osati pamaso pa makasitomala. Maliro akamugwera, musamudule malipiro ngati wapita kokasewera. Mphunzitseni kuoda katundu ndi kusunga mabuku. Mukuopa kuti akadziwa atsegula yake? Mwina adzatseguladi, koma zaka zimene ali nanu bizinesi idzayenda ngakhale inu muli ku chipatala.

Nanu achinyamata, mbali yanu ilipo. Kukhala pa TikTok kasitomala ataima si ufulu wanu. Kusowa osatsanzika mutangolandira malipiro kumaipitsa dzina, ndipo Chitakale ndi yaing'ono: mbiri imafika ku boma inu musanakwere kabaza. Ambiri mwa inu mudzakhala mabwana posachedwa, ena mwayamba kale ndi kabenchi ka mafoni. Tsiku lolemba munthu wanu woyamba, kumbukirani zimene zinakuchotsani pantchito yanu yoyamba, ndipo musamuchitire zomwezo.